Mubwezereni Tsabola Foni Lamulungu

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi moni kwa inu ndi onse a pakhomopo. Muli bwanji? Bondo lija lasiya kutupa, kapena mukungolimba mtima monga mwa chizolowezi chanu, kumakwera nalo chitunda cha kumsika ngati ndi la munthu wina? Nanga alamu chifuwa chija chinawasiya? Ine kuno ndili bwino, kungoti manja akusupuka ndi nthunzi ya kuntchito, ndipo mtima sukukhazikika. Za manja musadandaule, ndikudzola mafuta. Za mtima ndi zimene ndakhalira pansi kuti ndilembe, ngakhale kukhala pansiko kukundivuta, ndadzukapo kale kangapo popanda chimene ndikukatenga.

Mudabwa kuti bwanji kalata pamene foni ilipo. Pa foni inu mumayankhula ngati galu akukuthamangitsani, alamu amakhala pambali kumatsokomola kuti ndidziwe kuti akumva, ndipo ine ndikangofika pa nkhani yeniyeni mawu amandithawa. Ndiye ndapempha adalaivala a lole aja kuti akupatseni pepalali pamanja. Muwerenge muli nokha, mutakhala pansi, chifukwa mukawerenga muli chiimire mulikwinya lisanathe.

Ntchito ikuyenda. Tikadali m'chinyumba chomwe chija chochapira nsalu za m'mahotela, koma ine anandichotsa kochapa, tsopano ndili pa makina ositira. Ndi chimakina chachitali. Timaima awiri mbali ino n'kumalowetsa nsalu yapabedi itatambasuka, ena awiri amailandira mbali inayo itawongoka, ili yotentha. Ukangophethira nsalu imalowa mokhota, makina amaluma, akapitawo amatulukira. Nthunzi yake, Achemwali, munthu umaweruka utafewa ngati masamba owiritsa. Akapitawo si oipa, kungoti amakhulupirira kuti munthu akakhala pansi ndiye kuti wayamba kuba.

M'chipinda tikukhalabe awiri ndi mnzanga uja timamutcha Wailesi, chifukwa akadzuka amayatsa pakamwa ndipo pozimitsira pake sitinapapeze. Mpopi wa pakhonde ukudontha, eni nyumba akuti akubwera, ndipo akhala akubwera kuyambira nyengo yozizira. Oyandikana nawo agula tambala. Tambala, m'nyumba yosanjikizana, m'tauni muno! Amalira nthawi imene wafuna, ngakhale masana dzuwa lili pamutu, ndipo mwini wake akuti tizolowera.

Tsopano ndifike pa nkhani. Achimwene andiuza kuti mwamulanda Tsabola foni, mwaitsekera m'sutikesi ya pansi pa bedi. Musawakalipire, ndinachita kuwafinya ndine. Akuti masamu atsika, akuti tsiku lina anapsereza mphika mpaka kubooka maso ali pa foni, akutinso alamu atasuzumira anaona ng'ona zamapiko zikulavula moto, n'kunena kuti zimenezo m'nyumba mwawo ayi. Sindikukutsutsani. Mwanayo mukudzuka naye ndinu, mukumudyetsa ndinu, ine ndimangotumiza mawu. Ndikanakhala ine mwina foniyo ndikanaiponya m'chimbudzi. Koma pali chimene simukuchidziwa, ndipo ndikupempha mundimvere mpaka kumapeto musanayambe kupukusa mutu.

Inu nomwe ndinu mboni kuti chichokereni ine, mwana ameneyu sandiyankhula. Mukamupatsira foni amati ali bwino, amati eya, amati ayi, kenako ndimamva akukubwezerani. Tsabola ameneyu, amene tinamupatsa dzinali chifukwa ali wamng'ono ankayankha ngakhale agogo ake akamapemphera, lero kwa amayi ake alibe mawu. Chete ameneyu amandiwawa kuposa nthunzi ya makina, ndipo ndikatsitsa foni ndimangozungulira m'chipinda ngati nkhuku yofuna poikira.

Miyezi yapitayo achimwene anandiuza mwanthabwala kuti mwana wathuyu walowerera ndi gemu ina ya pa foni yotchedwa Zilumba za Phulusa. Nditamufunsa Wailesi ngati anaimvapo, anangotsala pang'ono kugwa pampando. Kani iyeyo ndi katswiri wake! Pomwepo anandiikira pa foni yanga, n'kundilowetsa m'gulu la anthu oyankhula chinenero chathu amene amaisewera, omwazikana m'mayiko osiyanasiyana. Dzina la Tsabola ndinalipeza momwemo, sanasinthe n'komwe. Ine ndinadzitcha Wosita. Ndinamutumizira uthenga kuti Wosita ameneyo ndi ine amayi ake. Anauwerenga, sanayankhe. Wailesi sindinamuuze kuti ndi mwana wanga, ndinachita manyazi kuti mayi mpaka kukasaka mwana wake m'gemu.

Ndikudziwa, panopa mwaseka kale kuti mayi wamkuluwamkulu, wa imvi zobisa ndi mpango, kumaseweretsa foni ngati mwana. Sekani, nanenso ndinadziseka. Koma ndikufotokozereni pang'ono kuti musamaganize kuti ndi za kumidima. Ndi dziko lopeka, la zilumba zambiri, kumene phulusa limagwa ngati mvula. Umasankha kamunthu kako, umakaveka, n'kumakayendetsa ndi chala. Pakati pa zilumbazo pali nyanja yosaya, ndipo powoloka umakwera kamba wamkulu ngati minibasi, waulesi ngati alamu tsiku Loweruka, koma pamenepa musawawerengere. Ng'ona zamapiko zija ndi adani, ntchito yawo ndi kukudya, yako ndi kuzithawa kapena kuzibaya. Ine zandidya kosawerengeka. Ukadyedwa umadzukanso padoko, nsapato zitapita.

Koma anthu a m'gulu lathu kumenyanako sikuwakhudza kwenikweni. Chimene chinawagwira ndi kupeka mbiri. Amene anapanga gemuyi anasiya zinthu zambiri osazifotokoza, monga mlatho wothyoka, belu lomira m'nyanja, manda opanda dzina. Ndiye anthu amakhalira kukangana kuti mlathowo anathyola ndani, belulo linkaitana chiyani. Muli anamwino, muli alonda, muli amakanika, anthu a ndevu zawo ndi ana awo, koma akayamba za belu lomira mungati akulimbirana malire a munda wa agogo awo. Wailesi anakhalapo sabata yathunthu osayankhulana ndi mnzathu wa kochapa chifukwa cha mlatho.

Ali ndi lamulo lawo. Nkhani yopanda umboni amati ndi mphekesera, amaitaya. Ukanena kanthu uyenera kupita pamalopo ndi kamunthu kako, kujambula chimene waona, n'kuchionetsa ku gulu. Makanika wina ananena kuti akamba onse aja kale anali anthu, atamufunsa umboni anati analota, ndipo mpaka lero amamutcha Wamaloto. Wina akatsutsa nkhani yako uyenera kumuyankha mwezi usanathe. Ukapanda kutero wagonja, ndipo mkulu wa gululo, amene timangowatcha Ajaji, amalemba nkhani ya mnzakoyo pa tsamba la mbiri kuti ndiyo yoona. Ikalowa pamenepo sifufutidwanso.

Pa chilumba china, kumapeto kwa msewu wa mchere, pali kanyumba kopanda munthu. Chitseko n'chotsegula. M'kati muli bedi lalikulu ndi laling'ono, makapu awiri patebulo, katani ya buluu ya madontho oyera, ndi nyali pawindo imene sizima. Timaitcha Nyumba ya pa Mchere. Mulibe chotola, mulibe chomenyana nacho, ndiye anthu ankangoidutsa.

Patangopita masiku ochepa nditalowa m'gulu, Tsabola analemba mbiri ya nyumba imeneyo. Achemwali, mwana uyu amalemba! Masamu kaya, koma pa mawu pokha aphunzitsi ake sanamuone bwino. Anati m'menemo munkakhala mayi wophika mchere ndi mwana wake wamkazi. Anafotokoza mmene mayiyo ankapukutira phulusa m'tsitsi la mwanayo ndi kansalu konyowa, ndendende mmene ndinkachitira ine ndi fumbi akachokera kusukulu. Kenako anati tsiku lina mayiyo anatopa, anakwera kamba, anauza mwana kuti abwera posachedwa, koma mumtima ankadziwa kuti wapita. Umboni wake unali chithunzi cha pamoto, mafuwa alipo, mphika palibe. Anati wopita kukabwera sanyamula mphika.

Ndinawerenga zimenezi ndili m'basi yopita kuntchito, ndipo ndinapitirira siteji yanga. Mphika wa makutu awiri uja ndinautengadi, mukukumbukira, munachita kundithandiza kuukulunga m'nsalu. Ndinkati kuno miphika ndi yodula. Sindinadziwe kuti mwana amene anaima pakhomo uja ankayang'ana chilichonse cholowa m'chikwama.

Magazi anandiwira. Pa nthawi yopuma masana ndinasiya chakudya, n'kukwera kamba wanga kupita ku nyumbayo kukasaka umboni wanga. Ndinaupeza. Kuseri kwa chitseko kuli msomali, ndipo pa msomalipo palibe kiyi. Ndinajambula, n'kulemba kuti wothawa satenga kiyi wa nyumba, wotenga kiyi ndi amene akudziwa kuti adzatsegulanso. Zilembo zina zinasokonekera, koma ndinatumiza.

Dzuwa lisanalowe anali atayankha. Anayankha ine, Achemwali, mizere yambirimbiri! Anatsika ndi kamunthu kake pansi pa doko, n'kujambula kanthu konyezimira m'madzi, n'kunena kuti kiyi uja ndi ameneyo, mayiyo anamuponya asanafike n'komwe pakati pa nyanja. Mawu ake anali olasa, koma ndinawawerenga mobwerezabwereza ndikuseka ndekha ngati wamisala pakati pa milu ya matawulo. Chichokereni kunyumbako, aka kanali koyamba kuti andiuze zoposa eya ndi ayi.

Kuyambira pamenepo takhala tikuponyerana. Ine ndinapeza nkhuni zounjikidwa kuseri kwa nyumba, zowazidwa zing'onozing'ono zoti dzanja la mwana lingathe kunyamula, ndipo ndinati anthuni onani chikondi. Iye anati wowaza nkhuni zofika kudenga amadziwa kuti sabwera msanga. Ine ndinati nanga nyali yosazima ija si yoti mayiyo adzaone njira pobwera? Iye anati inde, koma tifunse kuti akuithira mafuta ndani, ndipo wothirayo adzatopa liti. Pamenepo ndinakhala masiku ndikulowetsa nsalu mokhota mpaka akapitawo anandifunsa ngati ndikudwala.

Gulu lonse linagawikana. Pali a Anathawa, pali a Adzabwera. Namwino wina anajambula mayiyo ali pa kamba atafungatira mphika, chithunzi chokongola moti ndinadana nacho. Mlonda wina anapeka nyimbo ya mwana wothira mafuta m'nyali, n'kuiimba ndi gitala ya zingwe zosakwana, ndipo anthu akuti analira. Ena asintha ndi mayina omwe, wina akudzitcha Kiyi Womira. Onsewa sakudziwa kuti alowerera nkhani ya m'banja la eni.

Wailesi ndiye mtsogoleri wa a Anathawa. Ankandilalatira m'chipinda momwe muno, akupesa tsitsi, kuti ine Wosita ndine wofewa mutu, kuti bambo ake nawonso anatenga kiyi koma mpaka lero akubwera. Ankati kamtsikana kameneka kali ndi mutu, amene anakabereka anabereka. Ine ndinkangoyang'ana kukhoma, kunyada ndi kuwawa zitandigwira pamodzi.

Musaganize kuti ndi mkangano wokhawokha. Lamulungu lina masana ng'ona inandipanikiza pa thanthwe, ine ndikudina paliponse ngati munthu wozimitsa moto ndi manja. Ndinangoona kamunthu kovala chipewa chofiira katulukira, kabaya ng'onayo, kaima n'kumandiyang'ana. Pamwamba pake panalembedwa Tsabola. Kanaponya pansi nsapato zachitsulo, zimene ng'ona sizingavule, n'kukwera kamba wake. Ndinazivala. Tsiku lomwelo analemba m'gulu kuti a Adzabwera ena sadziwa n'kugwira mkondo komwe, nanga mbiri angaidziwe bwanji.

Ndiye mwadzidzidzi, zii. Ndinaika umboni wanga watsopano, wa mbewu zoviikidwa m'mbale pansi pa bedi lalikulu, ndinati woviika mbewu akudziwa kuti adzadzala. Sanayankhe. Tsiku linadutsa, sabata inadutsa. Kamunthu ka chipewa chofiira sikakuonekanso pena paliponse. Ndinkadzuka n'kuyang'ana foni ndisanasukusule, m'basi foni, pa makina ndinkaibisa m'thumba la epuloni n'kumaimvera ngati ikunjenjemera. Ndinaganiza kuti wadwala ndipo mukundibisira. Ndinaganiza kuti watopa nane. Nditamva kwa achimwene kuti ndi sutikesi chabe, ndinapuma, kenako ndinakukwiyirani, kenako ndinadzikwiyira ndekha. A Adzabwera ayamba kale kuvina. Ajaji alengeza kuti mwezi uno ukatha Tsabola asanayankhe, alemba kuti mayiyo adzabwera.

Mukuti nanga si zabwino, wapambana? Dikirani, pali nkhani ina imene sindinakuuzeni.

Sabata yatha akapitawo anatisonkhanitsa pafupi ndi makina, n'kunena kuti kampani yapeza mahotela ena, ndipo amene akufuna kuwonjezera kontirakiti akweze dzanja. Ine ndinalonjeza kuti chaka chino chikamatha ndibwera. Inu munamva, Tsabola anamva. Koma ndinaganiza za sukulu yake imene yatsala, ndi denga la amayi lodontha lija, ndi kuti ndikabwera ndidzagwira chiyani. Nditayang'ana ndinapeza dzanja langa lili m'mwamba. Palibe anandikakamiza. Chaka chino sindibwera, Achemwali, ndipo cha mawa sindingalumbire. Walira mvula walira matope, ine matope anga ndi amenewa.

Mawa lake masana, mutu usakugwira, ndinalowa m'gemu n'kumusiya kamba aziyenda yekha. Anandipititsa kutali, kupitirira mlatho wothyoka, kulambalala thanthwe lofiira, kumene anthu sapitako chifukwa kulibe chopha kapena chotola. Kumeneko kuli kachilumba, ndipo pa kachilumbapo pali kanyumba. Ndinalowa. Pawindo katani ya buluu ya madontho oyera. Pamoto mphika. Bedi limodzi lokha. Panja mtengo wa mandimu wautali kupitirira denga, wobereka, wotchingidwa bwinobwino ndi mpanda kuti mbuzi zisadye. Mtengo wotero sukula chaka chimodzi. Mayi uja sanamire, sanagwidwe ndi ng'ona, anafika bwinobwino n'kudzala mtengo.

Nditaweruka tsiku limenelo ndinayang'ana chipinda chathuchi ngati ndikuchiona koyamba. Shelefu ndinakhoma ndine. Matiresi ndinagula ndine. Pawindo pali tomato amene ndinadzala m'chitini cha penti, ndipo wayamba kale maluwa. Ndinakhala pabedi nsapato zili kuphazi, chikwama chili paphewa.

Wailesi anandipeza ndili chomwecho. Ndinamuonetsa kanyumbako, kenako ndinamuuza kuti Tsabola ndi ndani. Chimudziwireni, aka kanali koyamba kumuona atakhala chete. Anandivula nsapato, anatereka madzi a tiyi. Pambuyo pake anayesa kundilimbitsa mtima kuti opanga gemu amangobwereza makatani ndi miphika yomweyomweyo kuti asatope n'kujambula zatsopano. Mwina n'zoona, koma lamulo la gulu silifunsa zimenezo, limafunsa chithunzi. Walumbira kuti saulula, koma ndikumuona mmene akuvutikira, akuyenda atagwira pakamwa ngati wodwala dzino. Umboni woterewu kwa mtsogoleri wa a Anathawa ndi kusungitsa galu nyama. Sindikudziwa kuti apirira mpaka liti, ndipo ngakhale apirire, wina akhoza kusochera n'kukafika komweko.

Ndiye taonani pamene ndaima. Ndikakhala chete mwezi utha, Ajaji alemba kuti mayi adzabwera, ine ndipambana ndi bodza mwana wanga atamangidwa manja. Tsiku limene adzatsegule foni adzapeza amayi ake atamugonjetsa iye kulibe, kenako n'kumva kwa inu kuti amayi akewo sakubwera. Mukumudziwa mwana ameneyu. Sadzandilemberanso, m'gemu kapena pena paliponse. Ndikamuuza pa foni yanu ati eya, n'kukubwezerani, ndipo ndikuopa kuti eya ameneyo adzakhala womaliza. Malo okhawo amene amandiyankha ndi kumene kuja, chifukwa nkhani yopanda yankho satha kuisiya. Ndikuopa, Achemwali. Makina aja sandiopsa, tauni ino sindiopsa, koma kutaya kanjira kamodzi aka kopita kwa mwana wanga kukundisowetsa mtendere.

Pempho langa ndi limodzi. Lamulungu likubwerali masana, mbale zikatsukidwa, tulutsani foniyo, muitchaje, mumupatse. Sindikuti akhale nayo. Masiku a sukulu ikhale kwa inu, masamu akwere, mphika aziuyang'anira, pamenepo ndili nanu. Ndikupempha Lamulungu lokha. Alamu muwauze kuti ndapempha ndine, ndipo ngati m'ng'ona zamapiko muli tchimo, likhale pamutu panga.

Za kontirakiti musamuuze, chonde, ngakhale nkhope yanu isamuuze. Imeneyo ndi ntchito yanga. Mungomuuza kuti Wosita akuti akwere kamba, adutse mlatho wothyoka, thanthwe lofiira likhale kumanzere, apitirire mpaka aone mtengo wa mandimu. Akakufunsani kuti kuli chiyani, nenani kuti inu za akamba awozo simuzidziwa, akukhulupirirani.

Ine ndikakhala nditaima pakhomo la kanyumbako. Ndikufuna alowe yekha, aone katani, aone mphika, ajambule ndi dzanja lake. Akatero ndidzamulembera pomwepo kuti wapambana, ndipo ndidzamuuza chifukwa chake, zonse, osachotsera. Chithunzicho apite nacho ku gulu, a Anathawa avine, Ajaji alembe. Zimenezo ndipirira. Chimene ndikufuna n'chakuti akatero andisiyire funso lina loti ndiyankhe, ngakhale likhale loti mayi wodzala mandimu kutali ndi mwana wake amawadzalira ndani. Umboni wa limenelo sindinaupeze. Ndikusakabe masana aliwonse, chakudya chikuzizira pambali.

Mukamupatsa foniyo musakhale naye pafupi, koma musapitenso kutali. Akalira musamuletse. Mukamva akutukwana musamumenye, akutukwana ine, ndipo kwa ine zimenezo zikhala kuti wayankha.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka m'miyendo ali m'kathumba kamene kabwera ndi kalatayi, asagawire anzawo onse oyandikana nawo ngati ulendo uja. Moni kwa alamu, mundithokozere chifukwa chosunga mwana wanga ngati wawo yemwe. Moni kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa ana anu onse, wamng'onoyo mumutsine tsaya m'malo mwanga. Inuyo bondolo mupite nalo kuchipatala, si mwala. Tsabola musamupatse moni wanga, ndikamupatsa ndekha Lamulungu. Akapanda kubwera, ndikaimanso pomwepo Lamulungu linalo.

Tsalani bwino.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Make Tsabola